Khodi Yobwereka Ikavuta, Funsani Kaye: Chasintha N'chiyani?

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya luso la makompyuta. Kaya muli pakhonde mukudikira kuti nsima ipse, kaya muli ku hositelo laputopu ili pamwendo, sendezani wailesi pafupi. Lero ndikucheza makamaka ndi inu amene mumapanga mawebusaiti ndi mapulogalamu oyendera pa intaneti, komanso inu amene mwangoyamba kumene kuphunzira ntchitoyi. Inu amene simunalembepo khodi, musathawe ayi. Nthawi ija munkalembetsa sukulu pa intaneti batani n'kukana kudinika, kapena tsamba n'kungoyera mbee, kuseri kwake kunali munthu amene ankatuluka thukuta ndi zimene tikambe lerozi.

Nkhani yathu ndi ya malaibulale a open source, ndi zimene mungachite akayamba kuvuta. Tiyamba ndi kumvetsa kuti malaibulalewa n'chiyani. Kenako tikamba za kuwerenga uthenga umene kompyuta ikukupatsani, za manambala a version, ndi za vuto lotchuka lija lakuti pa kompyuta yanga zikuyenda koma pa seva zikukana. Tikapuma pang'ono, tidzabwera ndi nkhani za chitetezo ndi kapemphedwe ka thandizo. M'zonsezi muli funso limodzi limene ndikufuna mupite nalo kukagona: chasintha n'chiyani?

Laibulale imene tikunena pano ndi khodi imene munthu wina analemba kale kuti igwire ntchito inayake, ndipo inu mumangoitenga n'kuilowetsa mu pulogalamu yanu. Mmisiri womanga nyumba sasula yekha misomali, ndipo chitseko amakagula kwa kalipentala. Wopanga webusaiti nayenso salemba yekha khodi yowerengera masiku a pakalendala, yojambula mabatani, kapena yotumiza fomu ku seva. Amatenga jQuery, React, Bootstrap, Laravel, Django ndi zina zotero. Tikati open source tikutanthauza kuti khodiyo ili poyera: aliyense akhoza kuiwerenga, kuigwiritsa ntchito ndi kuisintha motsatira laisensi yake. Ngakhale DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Malawi umasonkhanitsira malipoti a m'zipatala, ndi ya open source, ndipo amaiyang'anira ndi a ku University of Oslo ku Norway.

Koma mukawerenga malaisensi ambiri, monga ija yotchedwa MIT, mupeza kuti mwini khodi akukuuzani mosabisa kuti akukupatsani chinthucho mmene chilili, popanda lonjezo lililonse. Chikavuta palibe ofesi yokadandaulako. Ndiye luso lofufuza vuto ndi lanu, simungalipatse wina.

Pali chinanso chimene ongoyamba kumene sachidziwa. Laibulale imene mwatenga nayonso inabwereka kwa ena, ndipo enawo anabwereka kwa enanso. Mukalemba npm install, lamulo lotsitsira malaibulale kuchokera ku nkhokwe yotchedwa npm, pofuna chinthu chimodzi, taonani foda ya node_modules mmene imatupira. Mumalowa timalaibulale mazanamazana timene simunatimvepo dzina.

Mvetserani zimene zinachitika mu March 2016. Wolemba khodi wina, bambo Azer Koçulu, anali ndi laibulale pa npm yotchedwa kik. Kampani ina ya mauthenga a pafoni, dzina lake Kik, inafuna dzinalo, ndipo oyendetsa npm anagamula mokomera kampaniyo. Bambowa anakwiya n'kuchotsa malaibulale awo onse pa npm, oposa 250. Pakati pawo panali kena kakang'ono kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, kamene ntchito yake inali kungowonjezera mipata kapena maziro kumanzere kwa mawu. Koma zida zikuluzikulu monga Babel zinkadalira kanthuka kudzera mwa ena. Tsiku limenelo anthu ambirimbiri padziko lonse anangoona mapulojekiti awo akukana kumangika, chonsecho iwo sanakhudze mzere ngakhale umodzi. Zinakonzeka patapita maola ochepa pamene a npm anabwezeretsa left-pad, ndipo pambuyo pake anakhwimitsa malamulo ochotsera malaibulale.

Mwamva pamenepo? Anthuwo sanalakwitse chilichonse mu khodi yawo. Amene anathera tsiku akusanthula zimene analemba okha anataya nthawi. Amene anafunsa kuti, dzulo zimayenda, lero zakana, chasintha n'chiyani, anapeza msanga kuti chasowa ndi chinthu cha kunja.

Tsopano tiyeni tikhale pa kompyuta. Tsamba lanu lakana kugwira ntchito. Choyamba, chotsani dzanja pa khodi. Ndikudziwa mtima umathamanga, makamaka bwana kapena kasitomala akamaimba foni, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsegulani brauza, kaya ndi Chrome kaya Firefox, dinani batani la F12, mupite pamene palembedwa Console. Mupeza mizere yofiira. Werengani mzere wofiira woyamba, wapamwamba penipeni. Ambiri amathamangira wotsiriza chifukwa ndi umene uli pafupi ndi maso, koma kawirikawiri mizere ya m'munsiyo imangobwera chifukwa cha woyamba uja. Chinthu chimodzi chikalephera kulowa, zonse zimene zimachidalira zimalira motsatizana.

Ndipo werengani mawu onse, mpaka kumapeto. Uthengawo umakuuzani dzina la fayilo ndi nambala ya mzere pamene zinthu zaima. Pansi pake pamakhala mndandanda wa njira imene khodi inadutsa, umene amautcha stack trace. Mizere yambiri mmenemo imaloza m'kati mwa laibulale. Tsikani nawo mpaka mupeze mzere woyamba umene ukutchula fayilo imene munalemba inuyo. Pamenepo ndi pamene khodi yanu inapereka chinthu kwa laibulale, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti munapereka chopanda kanthu, kapena mawu pamene pamafunika nambala.

Chitsanzo chimene aliyense wophunzira jQuery anakumanapo nacho ndi uthenga wonena kuti chizindikiro cha dola sichikudziwika. Munthu amayamba kukayikira jQuery yenseyo. Chonsecho brauza imawerenga tsamba kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, ndipo ngati khodi yanu ili pamwamba pa mzere woitana jQuery, ikufunsa munthu amene sanafike. Sinthani dongosolo la mizere iwiriyo, basi. Ngati dongosolo lili bwino koma uthenga ukubwerabe, pitani pambali pa Console pamene palembedwa Network, mutsegulenso tsambalo. Mukaona fayilo ya laibulale ili yofiira ndi nambala 404, ndiye kuti brauza yapita kumene munailozera koma sinapezeko kanthu. Laibulale ilibe mlandu, adiresi ndi imene yalakwika.

Tipite ku nkhani ya ma version, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa mavuto ambiri amabadwira pamenepa.

Malaibulale ambiri amalemba version yawo ndi manambala atatu olekanitsidwa ndi madontho. Musavutike kuwaloweza, ingogwirani tanthauzo lake. Nambala ya kumapeto ikasintha, akonza cholakwika chaching'ono. Ya pakati ikasintha, awonjezera zatsopano koma zakale zikugwirabe ntchito. Koma ya kumayambiriro ikasintha, eni ake akukuchenjezani kuti zina zimene munazolowera zachotsedwa kapena zasinthidwa. Ndibwereze: nambala yoyamba ikasintha, yembekezerani kuti china chake mu khodi yanu chithyoka. Limeneli ndi pangano chabe pakati pa olemba khodi, ndipo si onse amene amalisunga bwino, komabe limakuthandizani kudziwa koyambira.

Tengani Bootstrap, imene anaiyambitsa a Mark Otto ndi a Jacob Thornton akugwira ntchito ku Twitter. Mu 2021 kunatuluka Bootstrap 5. Eni ake anasiya kudalira jQuery, ndipo anasintha mayina a zizindikiro zimene mumalemba pa batani. Pamene kale munkalemba data-toggle, tsopano pakati pake pamalowa zilembo ziwiri, b ndi s, kukhala data-bs-toggle. Ndiye taganizirani wophunzira amene akutsatira vidiyo ya pa YouTube yojambulidwa nthawi ya Bootstrap 4, koma iye watsitsa Bootstrap 5. Walemba zonse ndendende ngati mphunzitsi wa m'vidiyomo. Tsamba likuoneka bwino. Akadina menyu pa foni, zii, palibe chikuchitika. Choipa kwambiri n'chakuti Console ilibe mzere wofiira ngakhale umodzi, chifukwa Bootstrap 5 sikuona chizindikiro chimene imachidziwa, ndiye yangokhala chete. Mwana wa eni amayamba kudziona ngati mbuli, pamene vuto ndi zilembo ziwiri.

N'chifukwa chake ndimati musanakhulupirire vidiyo, yankho la pa Stack Overflow, kapena khodi imene yakupatsani pulogalamu ya AI, yang'anani zinthu ziwiri: zinalembedwa liti, ndipo zikunena version iti. Kenako yang'anani version imene ili mu pulojekiti yanu. Osati imene mukuganiza kuti muli nayo, koma imene ilimodi. Pa npm mukhoza kulemba npm ls n'kutsatiza dzina la laibulale, ndipo ikuonetsani version yake komanso amene anaibweretsa. Nthawi zina mudabwa kupeza ma version awiri a chinthu chimodzi akukhala m'nyumba imodzi. Mukatsegula mabuku a malangizo a laibulaleyo pa intaneti, sankhani a version yanuyo. Ndipo ngati mukukwera kuchoka pa nambala yoyamba ina kupita pa ina, funani tsamba limene eni ake amalembapo zimene zasintha, lotchedwa changelog kapena migration guide. Kuliwerenga kumatenga mphindi zochepa poyerekeza ndi usiku wonse wolimbana ndi menyu yosatseguka.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga ine sindinakweze version iliyonse, zasintha bwanji? Tsegulani fayilo ya package.json. Kutsogolo kwa manambala ambiri muona kachizindikiro kooneka ngati kadenga. Kadengako kakuuza npm kuti ili ndi ufulu wotenga version yatsopano iliyonse bola nambala yoyamba isasinthe. Choncho inu munaika pulojekiti mwezi watha, mnzanu waika lero, fayilo ndi imodzimodzi, koma zimene zatsika pa makompyuta anu awiri n'zosiyana.

Apa ndi pamene pamachokera mkangano uja wa m'maofesi: kwa ine zikuyenda, kwa inu bwanji? Mankhwala ake alipo. Pali fayilo ina imene npm imalemba yokha, package-lock.json, imene imasunga version yeniyeni ya kalikonse kamene kanatsika, mpaka timalaibulale ta pansi penipeni. Anzathu a PHP ali ndi composer.lock. Fayilo ya loko imeneyi musamaitaye, ndipo muziisunga mu Git pamodzi ndi khodi yanu. Ndaonapo anthu akuichotsa chifukwa ndi yaitali ndipo saimvetsa. Imeneyo ndiye mboni yokhayo imene ingakuuzeni zimene munali nazo tsiku limene zinthu zinkayenda. Pa seva, gwiritsani ntchito npm ci m'malo mwa npm install, chifukwa imeneyo imatsatira fayilo ya loko ndendende.

Ngati malaibulale ali ofanana koma zikusiyanabe, yang'anani pansi pamene aimapo. Version ya Node, ya PHP kapena ya Python pa laputopu yanu ndi yofanana ndi ya pa seva? Chakumapeto kwa 2021, Node 17 itatuluka ndi OpenSSL 3, mapulojekiti ambiri omangidwa ndi webpack 4 anayamba kukana ndi uthenga wonena za OpenSSL, eni ake asanasinthe kalikonse mu khodi. Chinasintha ndi Node basi. Palinso kamsampha kena: Windows sasamala ngati dzina la fayilo layamba ndi chilembo chachikulu kapena chaching'ono, koma Linux, imene ili pa maseva ambiri, imaona mayina awiriwo ngati mafayilo awiri osiyana. Pa laputopu zikuyenda, pa seva akuti fayilo kulibe.

Ndinenepo za chizolowezi china. Zinthu zikangovuta, ambiri amafufuta node_modules yonse n'kutsitsanso. Nthawi zina zimathandizadi, makamaka ngati netiweki inaduka kapena magetsi anazima kutsitsa kuli pakati, mafayilo ena n'kutsala operewera. Koma kwa ife amene timagula bandulo ndi ndalama za m'thumba, kuchita zimenezi katatu pa tsiku n'kuwotcha ndalama. Ndipo mukafufuta pamodzi ndi fayilo ya loko, mwasintha zinthu mazana nthawi imodzi. Zikayenda simudziwa chimene chakonza, zikakana simudziwa chimene chawonjezera vuto. Chimodzimodzinso npm ikakana kuika laibulale ponena kuti ikusemphana ndi ina, anthu amathamangira kuwonjezera mawu akuti force. Uthenga wofiira umachokadi, koma kusemphanako kumakhalapobe, ndipo kudzaonekera tsiku lina kasitomala ali pa tsambalo. Werengani kaye kuti ndi malaibulale ati awiri amene sakugwirizana, ndipo akufuna version iti.

Tipume kaye pang'ono. Pamene nyimbo ikuimba, kumbukirani vuto lomaliza limene linakusowetsani tulo. Munayamba ndi kuwerenga uthenga, kapena munayamba ndi kusintha khodi?

(Nyimbo)

Mwabweranso, zikomo. Kwa inu amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za mavuto a malaibulale a open source pa mawebusaiti, ndipo funso lathu ndi lakuti, zinthu zikavuta, chasintha n'chiyani?

Pali milandu iwiri imene malaibulale amanamiziridwa kawirikawiri, ndipo ndiidutsa mwachangu. Woyamba ndi uthenga wotchula CORS. Munthu akuitana deta kuchokera ku seva ina pogwiritsa ntchito laibulale monga Axios, brauza n'kukana. Amachotsa Axios n'kuika ina, uthenga womwewo. Limeneli ndi lamulo la brauza: tsamba la pa adiresi ina silingawerenge yankho lochokera ku adiresi ina pokhapokha seva ya kumeneko italoleza. Kokonza ndi ku seva. Wachiwiri ndi wakuti mwakonza vuto koma tsamba likuonetsabe zakale. Brauza imasunga mafayilo kuti isamatsitse kawirikawiri, ndiye ikukupatsani ya dzulo. Tsegulani tsambalo pa windo ya incognito muone ngati zisinthe.

Nanga mwawerenga uthenga, ma version ali bwino, koma vuto likadalipo? Apa chepetsani. Tsegulani foda yatsopano yopanda kanthu, muikemo laibulale imodzi yokhayo imene mukuikayikira, ndi mizere yochepa yoonetsa vutolo. Zikayenda mmenemo, ndiye kuti laibulale ili bwino ndipo chikuisokoneza chili mu pulojekiti yanu. Bwezeranimo zinthu chimodzichimodzi mpaka zithyoke. Chimene mwabwezera komaliza ndicho mukuchifuna. Chimodzichimodzi, ndikubwereza, chifukwa mukasintha zitatu nthawi imodzi mwabwerera pomwe munayambira. Amene mumasunga ntchito yanu mu Git muli ndi mwayi wina. Pali lamulo lotchedwa git bisect: mumaliuza pamene zinthu zinkayenda ndi pamene zakana, ndipo limakudumphitsani pakati, kenako pakati pa theka lotsalalo, mpaka mutapeza kusintha kumodzi kumene kunabweretsa vuto. Ndi funso lathu lomwe lija, koma kompyuta ikukuthandizani kulifunsa.

Tsopano wina atamva zonsezi akhoza kunena kuti, basi, ine sindidzakwezanso laibulale iliyonse, zikhale mmene zilili. Ayi ndithu, kumeneko kulinso dzenje, ndipo ndi lakuya kuposa loyamba.

Mu March 2017 kunadziwika chiboo mu Apache Struts, chida cha open source chopangira mawebusaiti m'chinenero cha Java, ndipo eni ake anatulutsa version yokonzedwa. Kampani ya ku America yotchedwa Equifax, imene imasunga mbiri ya ngongole za anthu, sinakweze pa makina ake ena. Patapita miyezi iwiri akuba analowera pa chiboo chomwecho, n'kukhalamo mpaka mu July. Anatenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni, kuchulukitsa kangapo chiwerengero cha anthu onse a m'Malawi muno. Mankhwala analipo, aulere, koma sanamwedwe. Apa chimene chinasintha sichinali mu khodi ya kampaniyo. Chinasintha n'chakuti dziko lonse, kuphatikizapo akuba, linadziwa pamene pali chiboo.

Mu December 2021 kunabwera ina yotchedwa Log4Shell. Log4j ndi laibulale ya Java imene ntchito yake ndi kungolemba m'kaundula zimene pulogalamu ikuchita. Zinapezeka kuti munthu akatumiza mawu olembedwa mwanjira inayake, ngakhale m'bokosi lochezera la masewera a Minecraft, seva inkatha kukatenga khodi ya wakubayo n'kuiyendetsa. Chimene chinasautsa makampani ambiri sabata imeneyo chinali funso losavuta kumva: kodi ifeyo tili nayo Log4j? Ambiri sankadziwa, chifukwa sanaiike okha. Inabwera itabisala m'kati mwa malaibulale ena. Ndiye mukaona npm ikukuuzani kuti yapeza ziboo, lembani npm audit muwerenge. Si zonse zimene zimakukhudzani, zina zili m'zida zimene zimangogwira ntchito pa laputopu yanu pomanga pulojekiti. Koma muziwerenge, musankhe mukudziwa. Malangizo anga ndi akuti muzikweza pang'onopang'ono komanso kawirikawiri, laibulale imodzi pa nthawi, n'kuyesa. Amene amadikira zaka zitatu amadzapeza kuti zonse zikufunika kukwera tsiku limodzi.

Chenjezo lina likupita kwa inu amene mumangoika adiresi ya laibulale pa tsamba lanu kuti brauza izikatenga yokha kwa eni ake. Mawebusaiti ambirimbiri ankachita zimenezi ndi polyfill.io, imene inkathandiza mabrauza akale kumva khodi yatsopano. Kumayambiriro kwa 2024 adiresiyo inagulidwa ndi kampani ina, ndipo pofika mu June chaka chomwecho akatswiri a chitetezo anapeza kuti ikutumiza khodi yoipa imene inkakankhira anthu a pa foni ku mawebusaiti achinyengo. Mawebusaiti oposa 100,000 anali akuitanabe adiresi imeneyo. Eni mawebusaitiwo sanasinthe kanthu, chinasintha ndi mwini wa adiresi. Ngati n'kotheka, sungani kope la laibulale pa seva yanu. Zimathandizanso tsiku limene seva ya kunjayo yagwa.

Samalaninso ndi kalembedwe ka dzina poika laibulale. Mu 2017 munthu wina anaika pa npm laibulale yotchedwa crossenv, kutengera ina yodziwika bwino ya dzina lomwelo koma yokhala ndi kamzere pakati. Amene anaiwala kamzereko anatsitsa khodi yoba zinsinsi za pa makina awo. Masiku ano mapulogalamu a AI nawonso nthawi zina amatchula malaibulale amene kulibe n'komwe. Musanaike chinthu, pitani pa tsamba lake muone amene anachilemba, ngati chikusamalidwabe, ndi ngati anthu ena akuchigwiritsa ntchito.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri pa zonsezi ndi ya bambo Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa PostgreSQL. Mu March 2024 anaona kuti kulowa mu kompyuta yawo yoyeserera kudzera pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo makina akugwira ntchito yambiri mosayenera. Theka la sekondi! Ambirife tikanangoti ndi netiweki. Iwo anafunsa kuti chasintha n'chiyani, n'kutsatira mpaka anafika pa laibulale yopanikiza mafayilo yotchedwa xz. Mmenemo anapeza khomo lachinsinsi limene linaikidwa ndi munthu wogwiritsa ntchito dzina lakuti Jia Tan, amene anatha zaka pafupifupi ziwiri akuthandiza pa pulojekitiyo mpaka anakhulupiriridwa. Zinadziwika zisanafike pa maseva ambiri a padziko. Njira imene bambowa anatsata ndi yomweyi tikukambayi: kuona chachilendo, kuyerekeza version yakale ndi yatsopano, ndi kuchepetsa mpaka patsale chinthu chimodzi.

Gawo lathu lomaliza ndi la kupempha thandizo, pakuti safunsa anadya phula. Malaibulale ambiri amakhala pa GitHub, ndipo ali ndi malo otchedwa Issues pamene anthu amanena mavuto. Musanalembe, fufuzani kaye. Koperani mawu enieni a uthenga wofiira uja, muchotsemo mayina a mafoda anu, muwasake pamenepo, ndipo muyang'anenso m'nkhani zimene zinatsekedwa kale, chifukwa yankho limakonda kukhala kumeneko. Ngati palibe, lembani. Nenani version ya laibulale, ya Node kapena PHP, ndi brauza imene mukugwiritsa ntchito. Nenani zimene munachita, zimene munkayembekezera, ndi zimene zachitika. Ikanipo kapulojekiti kakang'ono kaja munapanga pochepetsa vuto. Uthenga wa vuto muukopere ngati mawu, osati chithunzi chojambula ndi foni chimene munthu sangathe kuchisaka. Ndipo chonde, musanatumize, yang'anani ngati mulibe pasiwedi, kiyi ya API, kapena mayina ndi manambala a makasitomala anu. Zimene mwaika poyera pa intaneti anthu amazikopera msanga. Kiyi ikatuluka, isintheni nthawi yomweyo, kungofufuta uthengawo sikokwanira.

Kumbukiraninso amene mukulankhula naye. Malaibulale ambiri amasamalidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, madzulo ataweruka ku ntchito yawo, popanda malipiro. Laibulale ya xz ija kwa zaka zambiri inali pamapewa a munthu mmodzi, bambo Lasse Collin, ndipo kutopa kwawo ndi kumene wachinyengo uja anapezerapo mpata. Mukalemba mokalipa ngati mwagula katundu wowola, musadabwe kukhala osayankhidwa. Chingerezi chanu chisakuchititseni manyazi, ambiri mwa anthu amenewa nawonso si chinenero chawo. Chimene amafuna ndi chitsanzo chimene angachiyendetse pa kompyuta yawo n'kuona vutolo ndi maso awo. Ndipo mukapeza yankho nokha, bwererani mukalembe mmene mwakonzera. Wina ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Lima adzakumana ndi vuto lomwelo chaka chamawa.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyirani ntchito ya kunyumba. Usiku uno kapena mawa, tsegulani pulojekiti imodzi imene ikuyenda bwinobwino, imene palibe akudandaula nayo. Yang'anani ngati fayilo ya loko ili mu Git. Sankhani malaibulale atatu amene mumawadalira kwambiri, muone version imene muli nayo ndi imene eni ake afikapo lero. Kenako dzifunseni: pulojekiti imeneyi itakana mawa m'mawa, kodi ndili ndi poyang'ana kuti ndidziwe chimene chasintha?

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za Git: kasungidwe ka ntchito yanu kuti muzitha kubwerera kumene munali dzulo.

(Nyimbo yotsekera)